Lipoti la ntchito ya chiponde cha ku Mchinji: logo, lebulo ndi webusaiti

Ntchito iyi ndinaigwira kumapeto kwa 2023 ndipo ndailemba yonse mmene inayendera, chifukwa ife opanga madizaini kunyumba tikakumana timangokambirana za Photoshop ndi mafonti, koma za kotesheni, za kopulintitsa, za amene agwire pasiwedi ntchito ikatha, aliyense amangodzionera yekha. Dzina la kasitomala ndi la bizinesi yawo sinditchula.

Ine ndimagwirira kunyumba ku Area 25 ku Lilongwe. Ofesi yake ndi tebulo lapakona pabalaza, laputopu, monita yachiwiri yogula kwa munthu, inveta ndi batire imodzi. Inveta ija ndinagula 2022, chaka chomwe namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko nkutaya magetsi pafupifupi 130 MW, nthawi imeneyo munthu wopanda batire sumatha kulonjeza kasitomala tsiku. Kasitomala sabwera pakhomo kawirikawiri, zambiri ndi pa WhatsApp, pokhapokha pakafunika kuonana maso ndi maso timakumana ku tawuni.

Kasitomala ndi zomwe ankafuna

Ndi mayi achikulire ndithu, anali aphunzitsi a pulayimale, atapuma anagula makina opera chiponde nkuyamba bizinesi pa boma pa Mchinji. Mtedza amagula kwa alimi a konko, wambiri ndi CG7 wofiira uja, amasankhitsa pamanja kwa azimayi omwe anawalemba ganyu, kukazinga, kupera, kuthira m'mabotolo a pulasitiki a 250g ndi 500g. Chiponde chake nchabwino, mchere pang'ono, shuga palibe. Vuto linali kunja kwa botolo. Lebulo ankapulintitsa pa pepala wamba la A4 pamalo ena opangira fotokope, kudula ndi sizasi, kumata ndi guluu, ndiye pakatha masiku mafuta amalowa m'pepala zilembo nkuchita kufufuma ngati zanyowa ndi mvula. Mashopu angapo a mu Lilongwe anali atawauza kuti katundu wanu timufuna koma mubwere ndi lebulo yeniyeni, barcode ndi mapepala a MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards.

Koma pa foni yoyamba za lebulo sanayambe nazo. Anati, "Achimwene, ndikufuna webusaiti yoti munthu azingodina agule, ndalama nkulowa yokha, mwana wanga wandiuza kuti ndi zotheka." Mwana wakeyo ndi mtsikana ali ku koleji kuno ku Lilongwe, ndi amene anawapatsa nambala yanga.

Zotheka ndi zothekadi. WordPress, pulogalamu yomangira mawebusaiti, kuikamo WooCommerce yomwe imaisandutsa shopu, kulumikiza ndi kampani ngati PayChangu kuti anthu azilipira ndi Airtel Money kapena Mpamba, ndi ntchito yodziwika ndipo ine pamenepo ndikanadya ndalama yabwinoko. Koma ndinayamba ndawafunsa kaye mmene amagulitsira panopa. Ndani amagula? Mashopu, ndi azimayi a m'maofesi omwe amaoda mabotolo angapo pakutha pa mwezi. Amaoda bwanji? Pa WhatsApp, ena kuimba. Katundu amafika bwanji? Amamukweza minibasi ya ku Mchinji, mwana wawo kapena mnyamata wina nkukalandira ku depoti. Mtengo wotumizira ndi umodzi? Ayi, zimatengera kondakitala ndi mtengo wa mafuta sabata imeneyo. Ndani adzakhala akuona maoda pa kompyuta tsiku ndi tsiku? Apa anangoseka, laputopu alibe, ali ndi foni ya Tecno basi.

Ndiye ndinawauza mosabisa kuti mayi, shopu ya pa intaneti ija tikamanga lero, pofika Malichi idzakhala ili ndi mitengo yakale, maplagini (timapulogalamu toonjezera pa webusaiti) osapangidwa apudeti, ndipo munthu adzalipira katundu woti mulibe. Chimene chikukutsekerani khomo panopa ndi botolo. Tiyambe ndi logo ndi lebulo, kenako webusaiti yopepuka ya tsamba limodzi yomwe ntchito yake nkusonyeza kuti bizinesi ilipodi ndi kumufikitsa munthu pa WhatsApp yanu. Sanasangalale tsiku limenelo, anati aganizira kaye. Amene anawatembenuza ndi mwana wawo yemweyo atamva kuti oyang'anira shopuyo adzakhala iyeyo pakati pa mayeso.

Panalinso nkhani ina yomwe inatulukira pocheza. Anali ndi peji ya pa Facebook yomwe anawatsegulira mwana wa mchemwali wawo, anthu owatsatira analipo ndithu, koma mnyamatayo anapita ku Joni, nambala anasintha, ndipo admin anali yekha. Pejiyo ilipo mpaka pano, ili ndi nambala yakale, palibe angaisinthe. Ichi ndi chimene chinandipangitsa kuumirira kuti chilichonse chomwe titsegule chikhale m'dzina lawo ndi pa imelo yawo.

Kotesheni

Kotesheni yanga ndimaigawa patatu ndipo apa mpomwe panadzatipulumutsa. Gawo loyamba ndi ntchito ya manja anga, logo, malebulo awiri, webusaiti, mtengo wake m'makwacha ndipo susintha. Gawo lachiwiri ndi kupulinta, ndalama imeneyo amalipira okha kwa opulinta, ine ndimangoperekeza ndi kuona pulufu, chitsanzo chomwe amatulutsa asanapulinte zonse. Gawo lachitatu ndi zinthu za madola, domeni ndi hosting, pamenepo ndimalemba kuti mtengo ndi wa tsiku lolipira ndipo zimalipiridwa chaka ndi chaka. Pansi ndimaikapo kuti theka la gawo loyamba ndi dipoziti, kusintha ndi kawiri kwaulere kachitatu nkolipira, mafayilo enieni amatuluka ndalama ikatha yonse. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, dipoziti isanalowe CorelDRAW, pulogalamu yomwe ndimajambulira, sinditsegula. Mayi aja anatumiza pa Airtel Money tsiku lomwelo, aphunzitsi pa nkhani ya mapepala savuta, anachita kuwerenga mzere ndi mzere nkundifunsa kuti hosting nchiyani. Ndinati ndi lendi ya malo omwe webusaiti imakhala, domeni ndi dzina la pakhomo. Anamva.

Logo sinatenge nthawi. Iwo ankafuna mtedza, mapiri a ku Mchinji, dzuwa, mayi wanyamula lichero, zonse mu logo imodzi. Ndinapulinta zonsezo pa saizi ya chivundikiro cha botolo nkuwatumizira chithunzi, palibe chinkaoneka. Tinatsala ndi dzina lolembedwa mokhuthala ndi khoko limodzi la mtedza lotseguka, mitundu (makala) iwiri, wofiirira ngati khungu la CG7 ndi kirimu. Fonti ndinatenga ya pa Google Fonts dala, kuti mawa wina akadzatsegula fayilo asadzasowe fonti kapena kugwiritsa yakuba.

Lebulo

Apa ndi pomwe panali ntchito yeniyeni. Chinthu choyamba ndinapempha mabotolo enieniwo, osati miyezo ya pa foni. Atafika ndinapeza kuti la 500g silowongoka, kumwamba ndi lalikulu kumunsi limachepa pang'ono, diso silingaone koma ukakulunga pepala lowongoka mapeto ake sakumana, mbali imodzi imakwera ina nkutsika, ndipo ukakakamiza pamachita makwinya. Ndinakulunga pepala wamba, kumata ndi selotepi, kujambula ndi pensulo mzere wa m'mwamba ndi wa m'munsi botolo lili chiimire pa tebulo, kumasula, ndiye pepala lija linatuluka lopindika ngati uta pang'ono. Kupindika kumeneko ndi komwe ndinakajambula mu Corel kukhala mzere wodulira, ndipo zolemba zonse ndinazipinda motsatira kuti zikamatidwa ziwoneke zowongoka. La 250g linali lowongoka, silinavute.

Zolemba pa lebulo ya chakudya si zongoganiza. Pamafunika dzina la chinthucho, zomwe zathiridwamo kuyambira chochuluka, kulemera kwake, dzina ndi adilesi ya opanga, dziko lomwe chapangidwa, nambala ya batch (gulu la katundu wopangidwa nthawi imodzi), tsiku lopangira ndi tsiku lothera ntchito, kasungidwe. Ndinaonjezera mzere wouza anthu kuti mafuta akayandama pamwamba angotakasa, sichinawonongeke, chifukwa mayi aja anati anthu a m'tawuni ena amabweza botolo poganiza kuti chavunda. Batch ndi madeti sitinapulinte, tinasiya kabokosi koyera koti azidinda ndi sitampa, apo ayi lebulo iliyonse ikanamagwira ntchito mwezi umodzi wokha.

Chizindikiro cha MBS ankafuna ndichiike kale. Anati, "Achimwene ingoikani, mapepala ali m'njira." Ndinakana. Chizindikirocho amapereka ndi a Malawi Bureau of Standards akayendera malo opangira ndi kuyeza katundu, ndipo pa chiponde chomwe amayang'anitsitsa ndi chuku, poizoni wa nkhungu uja amene amabwera mtedza ukaumitsidwa mosasamala kapena ukanyowetsedwa posenda. Wopanga dizaini akangokopera chizindikirocho pa Google nkuika, wanamiza ogula ndipo wamuika kasitomala m'mavuto. Ndinasiya malo ake opanda kanthu pakona, saizi yake yomweyo, kuti chilolezo chikatuluka tingoikapo osasuntha china.

Barcode nayo inali ndi kankhani kake. Manambala anakapeza okha, a EAN-13, mtundu wa barcode wa katundu wa m'mashopu, ndinawachenjeza kuti saizi iliyonse ya botolo imafuna nambala yakeyake ndipo asagule manambala a munthu wa pa Facebook omwe mwina ali kale pa sopo wa wina. Atawona pulufu anati mizere yakuda ija ikuipitsa, bwanji ikhale yofiirira igwirizane ndi logo. Zikumveka bwino koma makina a pa tilu amawerenga ndi kuwala kofiira, mizere yofiira pa pepala loyera kwa iwo imaoneka ngati palibe kanthu. Inakhala yakuda pa zoyera, mbali zonse ziwiri ndinasiya malo opanda cholemba, saizi sindinaichepetse kudutsa 80 peresenti ya muyezo wake, ndipo pa botolo laling'ono ndinaitembenuza kuti mizere igone ngati makwerero chifukwa botolo likakhala lopindika kwambiri mizere yoimirira ya m'mphepete imathawa makina. Tinayesa pa tilu ya shopu ina ya kuno ku 25, mtsikana wa pa tiluyo anangodutsitsa, inalira kamodzi.

Kopulintitsa tinapita kwa anyamata ena ku Old Town omwe ndimagwira nawo kawirikawiri. Fayilo ndimapereka PDF ya CMYK (mitundu inayi ya inki yopulintira), zilembo nditazisandutsa ma curve kuti fonti isasinthe, zithunzi zooneka bwino za 300 dpi, bleed 3mm (kala yopitirira m'mphepete modulira), mzere wodulira pa leya yakeyake. Kala yofiirira imavuta, pa sikirini imaoneka yokoma koma pa makina ena imatuluka ngati dothi la katondo, pa ena ngati chokoleti, ndiye sindilola kuti athamangitse zonse ndisanaone pulufu pa stika yeniyeniyo. Mnyamata wa pa makina anati, "Bwana ndi zomwezomwezo, tingothamangitsa." Ndinati aise tulutsa imodzi kaye. Inatuluka yakuda kwambiri, tinachepetsa K, inki yakuda, yachiwiri inakhala bwino. Tinasankha vinyl, stika ya pulasitiki, yokhala ndi lamineti osati stika ya pepala, ndinapaka chiponde pa zonse ziwiri nkusiya usiku, m'mawa ya pepala inali itachita banga loonekera mpaka kuseri, ya vinyl ndinangopukuta ndi kansalu. Chithunzi chimenecho ndi chomwe chinawapangitsa mayi aja kuvomera mtengo wokwererapo.

Kwacha itagwa

Pulufu titavomereza, asanalipire opulinta, mu Novembala 2023 Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700. Kutanthauza kuti chinthu cha madola 100 chomwe dzulo lake chinali K118,000, chinafika K170,000, ndipo umenewo ndi mtengo wa ku banki komwe dolayo kumupeza kwake kunali kovuta kale. Vinyl, inki, lamineti, zonse zimachokera kunja, opulinta anangoti kotesheni yakale yafa. Mayi aja anaimba atakwiya ndithu, "Achimwene si tinagwirizana kale?" Ndinawatumiziranso pepala lija nditazunguliza magawo atatu aja. Gawo langa silinasinthe ngakhale tambala, ngakhale kunena zoona ndalama yotsala ija pofika tsiku lolandira inali itaonda. Magawo awiri enawo anaona okha kuti si ine ndakweza.

Anzanga ena omwe amalemba mtengo umodzi wa zonse, dizaini, kupulinta ndi hosting pamodzi, mwezi umenewo anagwira ntchito yaulere, ena anathawa makasitomala kuzimitsa foni. Ine ndimaona kuti kubisa mtengo wa opulinta mkati mwa mtengo wako kuti udyepo kapamwamba ndi nzeru yogwira ntchito kudziko lomwe ndalama yake imakhazikika, kuno kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 nkugwanso chaka chotsatira.

Kuti bajeti ikwane tinasintha zinthu ziwiri. Stika yozungulira ya pa chivundikiro tinaichotsa, nkhope ya botolo ndi yokwanira. Ndipo ndinachepetsa kutalika kwa lebulo ya 250g ndi mamilimita ochepa kuti pa mulifupi wa rolo ya vinyl pazikwana mzere wina woonjezera, zotayika zichepe. Zimenezi umazidziwa ukafunsa opulinta kuti rolo yawo ndi yotambalala bwanji usanayambe kujambula.

Webusaiti

Ndi tsamba limodzi, lolembedwa ndi makodi wamba a HTML ndi CSS basi, WordPress sindinaikemo chifukwa palibe chomwe chimafuna kusinthidwa sabata ndi sabata, ndipo chopanda maplagini sichithyoka chokha. Pamwamba chithunzi cha mabotolo, dzina, mawu awiri atatu, batani lalikulu lobiriwira loti Odani pa WhatsApp. Batanilo ndi linki ya wa.me yokhala ndi uthenga wolembedwa kale, munthu akadina WhatsApp imatseguka muli kale mawu oti ndikufuna kuoda chiponde, iye nkungotumiza. Pansi pake nkhani ya bizinesi mwachidule m'Chichewa ndi m'Chingerezi, masaizi, mashopu omwe chikupezeka, nambala ndi imelo.

Mitengo sindinaike pa webusaiti dala. Ili mu katalogu ya WhatsApp Business yomwe mayi aja amasintha okha pa foni, ndinawaphunzitsa titakhala pansi, anasintha mtengo wa 500g nkubwezeretsa, kusintha nkubwezeretsa mpaka dzanja linazolowera. Ndi mmene zinthu zikukwerera, mtengo wolembedwa pamalo pomwe mwini wake sangafike umasanduka bodza pakangotha mwezi.

Zithunzi ndinajambula ndi foni pakhonde m'mawa dzuwa lisanawawe, kumbuyo nditaika pepala loyera la manila, mtedza wosenda ndi wosasenda nditamwaza patsogolo. Ndinazichepetsa nkuzisandutsa WebP, mtundu wa fayilo ya zithunzi yopepuka, tsamba lonse silifika 1 MB. Poyesa sindigwiritsa laputopu yanga pa Wi-Fi, ndili ndi kafoni ka itel kakale komwe ndimaikamo bandulo wamba nkuika pa 3G, ikatseguka bwino pamenepo ndiye kuti yatheka. Anthu ambiri kuno intaneti yawo ndi ya pa foni ndipo ambiri amagula bandulo ya WhatsApp ndi Facebook yokha, webusaiti ya mavidiyo odzisewera okha ndi zithunzi za 5 MB imakongola pa pulezentesheni koma munthu wa ku Kamwendo akaidina amangoona zoyera nkutuluka.

Pa domeni tinayang'ana .mw yomwe amayendetsa a Malawi SDNP ndi .com, anasankha .com. Kulipira ndi khadi kunja nthawi imeneyo kunali kwa mwayi, lero idutsa mawa ikana, ndiye tinadzera kwa kampani ina ya konkuno yogulitsa hosting yomwe imalandira makwacha. Chomwe ndinaonetsetsa nchakuti pa domeni mwini wake alembedwe mayi aja, imelo ikhale yawo, osati yanga kapena ya kampaniyo. SSL, chitetezo cha webusaiti chija cha https, ndi ya Let's Encrypt, yaulere, imadzikonzanso yokha, wina akakulipiritsani padera pa tsamba ngati ili mufunse bwino. Tinatsegulanso imelo ya dzina la bizinesi ndi kuilumikiza ku Gmail ya pa foni yawo, peji yatsopano ya Facebook yokhala ndi ma admin awiri, iwo ndi mwana wawo, ine ndinadzichotsa nditamaliza kuika zithunzi.

Kupereka ntchito

Ndalama yotsala italowa ndinapereka zonse pa flash komanso pa Google Drive yawo, logo mu PDF, SVG ndi PNG, malebulo mu CDR ndi PDF, mafonti, manambala a makala, mafayilo a webusaiti. Mapasiwedi analemba okha ndi dzanja m'kope lachikuto cholimba lomwe amalembamo za bizinesi, ndipo tsiku lolipira domeni analilemba pa kalendala ya kukhoma. Ndinalembanso kakalata kachidule koti umwini wa logo ndi malebulo ndawapatsa iwo, ine ndangotsala ndi ufulu woonetsa ntchitoyo kwa makasitomala ena. Anzanga ena amakaniza mafayilo kuti kasitomala azibwerera kwa iwo, ine ndimaona kuti kumeneko nkugwira munthu pakhosi, ndipo mbiri yake imayenda msanga kuposa ntchito yako. Ndinawalangizanso kuti dzina ndi logo akalembetse ngati trademark ku ofesi ya Registrar General, chifukwa kulembetsa dzina la bizinesi kokha sikuletsa wina kuika dzina lofanana pa botolo lake. Izi sanachitebe, akuti ndalama ikapezeka.

Mmene zilili pano

Chilolezo cha MBS chinadzatuluka patapita miyezi, tinaika chizindikiro pamalo paja populinta ulendo wachiwiri, inali ntchito ya mphindi zochepa ndipo ndinawalipiritsa pang'ono chabe. Mashopu aja anayamba kulandira katundu. Maoda ambiri akubwerabe pa WhatsApp kuchokera kwa anthu omwe awona nambala pa botolo, a pa webusaiti ndi ochepa, amadziwika ndi uthenga wolembedwa kale uja. Pomwe webusaiti ndi imelo zagwira ntchito kwambiri ndi kwa ogula a mashopu akuluakulu ndi bungwe lina lomwe linkafuna kotesheni yolembedwa, amenewo amayamba afufuza dzina pa Google asanayankhe. Peji ya Facebook ikuyenda mwa apo ndi apo, mwana akakhala pa holide imadzuka, sukulu ikatsegulidwa imagona. Ya ku Joni ija ikusokonezabe anthu ena, tinaipanga lipoti kangapo koma sinachotsedwe.

Vuto lomwe latsala ndi sitampa ya madeti, inki wamba sauma bwino pa lamineti, amafufutika ukagwira ndi chala. Panopa akumata kastika kapepala kakang'ono pa kabokosi kaja nkudinda pamenepo, pa oda yotsatira tagwirizana ndi opulinta kuti tiyese inki ina youma msanga tisanasinthe china chilichonse. Akufunanso lebulo ya nsinjiro za m'mapaketi, ndawauza atumize kaye paketi yeniyeniyo ndi minibasi, kotesheni ndipanga ndikaiona.